Njinga ya a Sikelo Itasiya Kunjenjemera

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo ndi amene anawapatsa laisensi basi. Kwa ena onse anali a Sikelo, chifukwa ndiyo inali ntchito yawo, kukonza masikelo. Sikelo ya m'butchala ikayamba kunama, yoyezera makanda ku chipatala ikamati mwana wonenepa waonda, ya ogula zitsulo zakale ikadyedwa ndi dzimbiri, anthu ankaitana iwowo. Anali bambo wamtali, wosakonda zolankhulalankhula, wa zala zazitali zoonda. Kasikuluwu kochepa ngati njere ya mpunga ankakatola ndi zala ziwiri n'kukabwezera m'malo mwake osayang'anako n'komwe, uku akumvetsera mwini sitolo akudandaula za ana ake.

Tsono masikelo sayenda okha kupita kwa wokonza. Anali mbwee m'matauni ang'onoang'ono a m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo a Sikelo ankawafikira pa njinga yamoto. Njingayo inali ya mtundu uja wopanda kalikonse kutsogolo: nyali, mahandulo, kawotchi ka liwiro, kwatha. Chotchinga mphepo chinali chifuwa cha mwini wake. Anthu amene amaona njinga ali pa windo la basi amaganiza kuti woyendetsayo wangokhala pansi akupuma. Adzayesere kaye. Pa msewu waukulu mphepo imakukankha pachifuwa osapumira, khosi limauma gwa, m'makutu mumalira, ndipo lole ikamakupitirira imayamba yakukankhira kutchire, kenako n'kukukokera ku matayala ake. Potsika manja amakhala atachita dzanzi, ndipo matako umachita kufunsa ngati ali ako.

A Sikelo anapirira zimenezi kuyambira ali ndi tsitsi lakuda mpaka imvi zinabwera. Mwana womaliza atapeza ntchito kutali, nyumba n'kukhala zii, akazi awo anati sangamakhale akuyang'anizana ndi makoma, nawonso anayamba kukwera kumbuyo. Ankawagwirira tochi, kutsuka mbale za masikelo, ndi kuwakumbutsa kuti sikelo ya wakutiwakuti imavuta pati. Pamsewu sankalankhulana, mphepo sinkalola. Mayiwo akafuna kuima ankawamenya pang'ono pantchafu, akaona chinthu chosangalatsa ankawafinya m'nthiti. Bamboyo sankanena, koma zaka zimenezo ndi zimene anasangalala kwambiri m'moyo wawo wonse. Mphepo inali yomweyo, koma kumsana kunkafunda.

Tsiku limene zinthu zinasintha kunali kamphepo kouma kochokera m'mbali. Anali pa mtsetse wautali wopita ku mlatho, minda yokhayokha uku ndi uku, pamene lole yokoka ngolo ziwiri inawapitirira. Kutsogolo kwa njinga kunayamba kuvina. Mahandulo anamenya kumanja, kumanzere, kumanjanso. Zoterezi zinawachitikirapo kale, ndipo mankhwala ake ankawadziwa: kumasula manja, kuchepetsa moto pang'onopang'ono, njinga imadzikhazika yokha. Koma ulendo uno dzanja lamanja linakana. Linauma pa handulo yotsegulira moto, kenako linagwedezeka, injini n'kulira kawiri ngati munthu akuiseweretsa. Njinga inatuluka pa tala n'kulowa m'timiyala ta m'mphepete, inaseseleka, ndipo inaima, Mulungu yekha akudziwa bwanji. Sanagwe.

Mayiwo anatsika, anavula chipewa chawo cha njinga, n'kukakhala pa simenti ya kalavati.

"Ndi mphepo ya lole ija," anatero a Sikelo, akuyang'ana tayala lakutsogolo. "Komanso bokosi la miyala yoyezerali likulemera kumbuyo."

"Bambo," anatero mayiwo mofatsa, "si mphepo. Ndi dzanja lanu."

"Dzanja langa latani?"

"Likunjenjemera. Ndakhala ndikuliona patebulo, ndikuliona mukakhala pakhonde. Ndimati mwina muyamba nokha kunena. Lero ndalimva m'njinga."

A Sikelo analowetsa dzanjalo m'thumba la jekete. Anati limenelo ndi dzanzi la mahandulo, aliyense woyenda pa njinga ali nalo. Mayiwo sanatsutse. Anangonena kuti iwo abwerera kunyumba pa basi, ndipo anakhala pa kalavati pomwepo mpaka basi inabwera. Bamboyo anapitiriza ulendo okha, ndipo kumsana kunali kuzizira.

Madzulo ake, mayiwo akuanula zovala, anawapempha kuti akaonane ndi adokotala. A Sikelo anakwiya, koma mkwiyo wawo unali wa munthu wamantha. Ankadziwa bwino kuti dokotala akangonena mawu amodzi, njinga yatha, ndipo njinga ikatha masikelo atha. Nanga munthu wa manjenje ndani angamupatse sikelo yake?

"Vuto ndi njinga," anatero. "Yakalamba, ikugwedera paliponse. Ndikaikonza, kunjenjemera konseku kukatha, mudzakwera?"

Mayiwo anapinda shati ina mosamala, n'kuiika m'beseni. "Mukaikonza, ndidzakwera," anatero.

Apa ndi pamene a Sikelo anayamba ntchito imene inawatengera nyengo yonse ya chilimwe. Amuna ena akamathawa chipatala amathawira ku mowa. Awa anathawira ku galaja.

Galajayo inali ya mlamu wawo, mlongo wake wa mayi aja, makaniko wa njinga wamfupi, wa pakamwa posatseka. Inali shedi ya malata kuseri kwa malo omwetsera mafuta, pansi pakuda ndi oilo, matcheni akale atapachikidwa pa misomali. Makaniko ndi a Sikelo anali atatukanizana mwachibale kuyambira tsiku limene anadziwana, ndipo palibe ankasunga chakukhosi.

Choyamba chimene a Sikelo anaganiza chinali kutchinga mphepo. Mwini sitolo wina anawapatsa pulasitiki yokhuthala yoonekera imene kale inali pa kauntala. Anaicheka okha kunyumba, yaitali kufika pachipumi, yotakata kupitirira mapewa, n'kuimanga pa mahandulo ndi mabawuti. Atafika nayo ku galaja, Makaniko anaizungulira kawiri manja ali m'chiuno.

"Alamu, chitseko ichi mwachizula pa nyumba ya ndani?"

"Ndi chotchinga mphepo."

"Mphepo ichi sichitchinga, chikola. Mwaipatsa mphepo mahandulo kuti iziyendetsa ndi iyo."

A Sikelo sanamve. Anapita nacho ku msewu waukulu, ndipo poyamba anasangalala, chifukwa pachifuwa panapepuka. Koma lole yoyamba imene anakumana nayo inamenya pulasitikiyo ndi mphepo yake, mahandulo n'kukhota okha, njinga n'kulumphira pakati pa msewu. Anabwerera pang'onopang'ono m'mphepete mwa tala, njinga zakapalasa zikuwapitirira, milomo itayera. Makaniko sanaseke, chimene chinali chachilendo. Anatenga sowo n'kuicheka pulasitikiyo mpaka inatsala kachidutswa kokwana thireyi ya makapu, anakapendeketsa chakumbuyo n'kukamanga pamwamba pa nyali. Kameneko kankachotsa mphepo pachifuwa n'kuiponyera m'mapewa, mutu n'kutsala mu mphepo yosalala yosagwedeza chipewa. Kanali kosaoneka bwino, koma kanagwira ntchito.

Kenako anafika pa bokosi. Wokonza masikelo amayenda ndi miyala yoyezera, zitsulo zolemera zimene amayesera ngati sikelo ikunena zoona. A Sikelo ankaziika zonse m'bokosi la thabwa pa keliyala, kumbuyo kwenikweni, pamwamba. Makaniko anakanikiza keliyalayo ndi dzanja limodzi, tayala lakutsogolo n'kutsala pang'ono kunyamuka.

"Munthu wa masikelo," anatero akupukusa mutu. "Moyo wonse kuuza anthu kuti mbali iyi yalemera, mbali iyi yapepuka. Njinga yanu yomwe osaiona. Achemwali anakwatiwa ndi ndani kodi?"

Izi zinawapweteka a Sikelo, chifukwa zinali zoona. Anasoketsa matumba awiri a chinsalu cholimba, n'kuwapachika m'munsi mbali zonse ziwiri, patsogolo pa tayala lakumbuyo. Ndiye poti anali a Sikelo, sanangogawa miyalayo mwachisawawa. Anayeza thumba lililonse pa sikelo yawo ya m'nyumba, akuchotsa kasipanala uku n'kukaika uko, mpaka singano inaima pamodzimodzi. Makaniko anati njinga sidziwa kusiyana kwa kasipanala kamodzi. Iwo anati njinga sidziwa koma iwo akudziwa.

Zinthu zinkapezeka chimodzichimodzi. Mabelingi a pakhosi pa njinga anali atadyeka, moti mahandulo ankakodwa pakati. Anaika atsopano, osamangitsa, osamasula kwambiri. Tayala lakutsogolo linali litatha mwa mano mano. Anasintha, ndipo kuyambira pamenepo ankayeza mpweya m'mawa uliwonse asananyamuke. Masipoko anakungidwa. Makaniko anawaphunzitsanso kakhalidwe ka pa njinga, ngakhale iwo anayamba kuyendetsa njinga iye asanamere ndevu: kupana thanki ndi mawondo, kugwetsa zigongono, kuweramira mphepo pang'ono, ndi kugwira mahandulo ngati wagwira mwanapiye.

Tsiku lina Makaniko anawaona akubwera chapatali n'kuwauza kuti jekete lawo lalikulu lija likufufuma ndi mphepo n'kumawakoka manja. A Sikelo anangotchula zimenezi kunyumba, osapempha kanthu. Mawa lake anapeza jeketelo pa mpando, litabwezedwa m'mbali ndi m'mikono, ulusi wake wofanana ndi nsalu. Mayiwo anali atalisoka pa makina awo. Sankakhulupirira kuti vuto ndi njinga, koma anasoka, ndipo anasoka bwino. Bamboyo analivala n'kuima pakati pa chipinda kanthawi. Anafuna kuthokoza, koma anangonena kuti lakwana.

Chimene anachinyadira kwambiri chinali cha dzanzi. Injini ikathamanga, mahandulo ankanjenjemera tinjenje tating'ono tosaoneka ndi maso, timene timapha zala. Makaniko anati mankhwala ake ndi kulemeretsa nsonga za mahandulo. A Sikelo anatsegula kabati n'kutulutsa miyala iwiri ya mkuwa yofanana, ya sikelo yakalekale imene mwini wake anaitaya. Anaiboola pakati, n'kuimanga ku nsonga zonse ziwiri ndi kamphira mkati. Atakwera, anadabwa. Magalasi oonera kumbuyo amene kale ankaonetsa galimoto imodzi ngati zitatu anayamba kuonetsa imodzi. Anayenda mtunda wautali tsiku limenelo, ndipo potsika zala zinali zamoyo, zikumva chilichonse. Dzanzi linali litatha.

Kumene anatsikirako kunali ku sitolo ya mankhwala, kwa mayi wina amene anali kasitomala wawo wakale. Anali ndi kasikelo kosakhwima ka m'bokosi la galasi, koyezera ufa wa mankhwala. Kameneko kanali kasikelo kamene a Sikelo ankakakonda kuposa onse. Anatsegula galasi, anamasula kasikuluwu ka pa singano, ndipo pofuna kukabwezera kanadumpha m'zala n'kugubuduka pa kauntala. Anakatola. Kanadumphanso. Kachitatu nsonga ya sikuludiraiva inkagogoda pa mkuwa, ti ti ti, m'sitolo monse muli chete. Mayi wa mankhwalayo anatembenuka n'kuyamba kusanja mabotolo amene anali osanjidwa kale.

"Ndi dzanzi la njinga," anatero a Sikelo.

"Eya, njinga zimatero," anayankha mayiyo osacheuka.

Anamaliza ndi dzanja lamanzere, lamanja atalipanikiza pansi pa chigongono. Atatuluka anakhala pa sitepe ya sitoloyo akuyang'ana miyala ya mkuwa ikunyezimira pa mahandulo. Bodza limene ananena m'katimo linali loyamba kulinena akudziwa kuti ndi bodza. Koma munthu akaopa amakhala wochenjera zedi podzinamiza. Asanafike kunyumba anali atagamula kuti dzanzi la zaka zambiri silingathe tsiku limodzi, ndipo kuti chatsala n'chishalo.

Chishalo anapita nacho kwa wosoka mipando. Chakutsogolo sanachisamale kwenikweni, koma chakumbuyo anachita kuimirira pomwepo. Anati achikulitse, aike siponji yolimba pansi ndi yofewa pamwamba, ndipo kumbuyo akweze pang'ono kuti munthu asamaseselekere ku keliyala. Wosokayo anafunsa kukula kwa wokwerapo, a Sikelo n'kutambasula manja awo mosakayika. Anagulanso timphira totseka m'makutu, tiwiri tawo, tiwiri ta mayi.

Zonse zitatha, Makaniko anaitenga njingayo kukaiyesa yekha. Anachedwa. Pobwera anazimitsa injini, n'kukhala pa chishalo pomwepo osatsika.

"Alamu, njinga iyi ikhoza kupita ku ntchito yokha, inu n'kutsala mukumwa tiyi. Ndasiya mahandulo pa mtsetse, osagwedera ngakhale pang'ono. Malole awiri andipitirira, ine phee."

A Sikelo anamwetulira, koyamba pa nthawi yaitali.

Makaniko anatsika, anapukuta manja ndi kansanza nthawi yaitali kuposa mmene manjawo anadera. "Ntchito yanga yathera pamenepa," anatero. "Chatsalacho ndilibe sipanala yake."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Mukudziwa, alamu. Pamene mumandigwirira nati dzana, ndimamva sipanala ikulira m'dzanja lanu. Amene muzimunyamula kumbuyoko ndi mlongo wanga."

"Wakutuma?"

"Sanandiuze kanthu. Maso ndili nawo."

A Sikelo anamuuza kuti azisamala za matcheni ake, za m'nyumba mwa eni azisiye. Aka kanali koyamba kuti mawu a pakati pawo akhale olasa, ndipo Makaniko sanabweze. Anangowapatsa kiyi.

Kuchoka pa galajapo sanapite kunyumba. Analowa msewu waukulu, dzuwa litapendeka, n'kutsegula moto. Abale, njingayo inayenda. Inagwira tala ngati yamera pomwepo. Mphepo inkadutsa m'mapewa mwaulemu, jekete lili phee pathupi, m'makutu muli kaphokoso kakutali basi. Lole inabwera, iwo anapana thanki, anamasula zigongono, njinga inapendeka pang'ono n'kudziwongola yokha. Pa mtsetse wa ku mlatho uja anadutsa osamva kanthu. Pa zaka zonse zimene anayenda pa msewu umenewo sanakhalepo pa njinga yokoma chotero, ndipo dzanja, pogwira handulo, linali litakhazikika. Anaseka okha m'chipewa. Ankaganiza za nkhope ya akazi awo.

Pobwerera, pafupi ndi tauni, kagalimoto kotsegula kumbuyo kamene kanali patsogolo pawo kanaima mwadzidzidzi kuti katsitse munthu. Maso anaona nyali zofiira. Mutu unauza zala kuti zigwire buleki. Zala zinamva, koma zinanyamuka mochedwa, ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Phazi ndi limene linaponda buleki yakumbuyo, tayala linalira, ndipo anadutsa m'mbali mwa kagalimotoko bondo litatsala pang'ono kukhudza chitsulo. Palibe anaona chachilendo. Wotsika uja anawatukwana pang'ono n'kumapita. A Sikelo anafika kunyumba akudziuza kuti anali ndi maganizo ambiri, ndiponso dzuwa linawathobwa m'maso, ngakhale dzuwalo linali kumbuyo kwawo.

Anapeza mayi akuthirira maluwa a m'zitini pakhonde. Anawaonetsa zonse, chimodzichimodzi: kotchinga mphepo, matumba, mkuwa wa ku mahandulo, chishalo. Mayiwo anasisita chishalocho ndi chikhatho, anachikanikiza ndi chala, siponji n'kubwerera.

"Mwachita kundiyeza?" anafunsa.

"Ndimakudziwani."

Mayiwo anaseka pang'ono. Kenako anafunsa ngati kunjenjemera kwa njinga kwathadi, ndipo bamboyo anati kwatheratu, akafunse mlongo wawo. Za kagalimoto kaja sananene.

"Ndiye mawa ndikwera," anatero mayiwo. "Mukupita kuti?"

"Ku butchala ya kutsidya kwa mlatho."

Kunacha bwino, kopanda mitambo. A Sikelo anatulutsa njinga, anayeza mpweya, anapachika matumba. Mayiwo anatuluka atavala buluku lawo la paulendo ndi juzi, mpango uli m'khosi, chipewa chili m'manja. Anatseka chitseko, anayesa loko kawiri, n'kuika kiyi m'kachikwama. Bamboyo anaona kuti mawindo onse atsekedwa, ndipo zovala zimene zimayenera kukhala pa chingwe zalowetsedwa ngakhale zinali zisanaume.

"Mwaanula zonyowa?"

"Zikauma m'nyumba."

Mayiwo anaima pafupi ndi njinga, n'kuvala chipewa. Lamba wa pachibwano anali lende. Sanamugwire. Anakweza chibwano n'kunena kuti, "Ndimangeni."

A Sikelo anayandikira. Lamba wake anali wa timphete tiwiri tachitsulo: umalowetsa nsonga m'tonse tiwiri, n'kuibweza pakati, n'kukoka. Anagwira timpheteto ndi dzanja lamanzere, nsonga ndi lamanja. Nsonga inafika pa mphete n'kuphonya. Anayesanso, inagunda m'mbali. Zala zawo zinkagogoda pakhosi pa mayiwo, pamene pali mtsempha, ndipo ankaumva mtsemphawo ukugunda mofulumira. Injini inali isanalizidwe. Panalibe mphepo, panalibe lole.

"Mukuopa," anatero bamboyo chapansipansi.

"Ndikuopa kwambiri."

"Nanga mukukwereranji? Simukhulupirira kuti inali njinga."

"Sindinakhulupirirepo," anatero mayiwo, chibwano chikadali m'mwamba, maso ali kudenga la khonde. "Koma ndinalonjeza. Ndipo chilimwe chonsechi ndakhala pa mpando uwo, foni ili pamiyendo, ikalira mtima kuima. Ndatopa nazo, bambo. Ngati mukupitabe, tipite tonse. Chimene chikakuchitikireni chikandipeze ndili pomwepo, ndisachite kuuzidwa ndi munthu wachilendo."

Analankhula mopanda mkwiyo, ngati akunena za mvula. A Sikelo anayesa kachitatu. Akanatha kusinthana manja, lamanzere likanamanga lambayo mosavuta, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo. Mayiwo anadikira, osathandiza, osatsitsa chibwano. Bamboyo anayang'ana khosi limenelo, makwinya ake, kampango kamene anakamanga bwino kuti mphepo isalowe. Anaona nyali zofiira za kagalimoto kaja. Anachita manyazi, ndipo anachita mantha amene sanawamvepo ali okha pa njinga.

Anasiya lambayo. Anagwira chipewacho mbali zonse ziwiri n'kuchivula pamutu pa akazi awo pang'onopang'ono, kusamala makutu. Tsitsi lawo la imvi linali litaphwanyika mbali imodzi.

"Njinga ilibe vuto," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ili bwino kuposa tsiku limene ndinaigula." Bamboyo anayang'ana pansi. "Dzulo zala zinachedwa pa buleki. Ndinatsala pang'ono kulowa m'galimoto."

Mayiwo anatseka maso kanthawi. Sananene kuti ndinakuuzani. Analandira chipewacho n'kuchiika pa chishalo chatsopano chija, chimene anali asanakhalepo n'kamodzi komwe. A Sikelo anatulutsa dzanja lamanja, limene miyezi yonseyi linkakhala m'thumba kapena pansi pa tebulo, n'kulitambasula poyera pakati pawo. Linkanjenjemera lokha, chala chachikulu chikusisita chinzake. Aka kanali koyamba kuliyang'ana pamodzi. Mayiwo analigwira ndi manja awo onse awiri, mwamphamvu, koma silinasiye. Ankalimva likugunda m'zikhatho zawo, ndipo misozi ya bamboyo inagwera pa jekete.

Anaima choncho mpaka mnansi wina anatsegula geti yake. Kenako a Sikelo anapukuta kumaso ndi mkono, anamasula matumba a miyala, n'kukankha njinga kubwerera nayo m'kachipinda kake. Anazula kiyi n'kuwapatsa mayiwo, iwo n'kuiika m'kachikwama pamodzi ndi ya nyumba.

"A butchala akudikira," anatero mayiwo. "Kwa adokotala tipita mawa. Lero tikakonze sikelo ya anthu."

"Ndi dzanja liti?"

"Inu muzikanena, ine ndizikamanga. Ndakhala ndikugwira tochi zaka zonsezi, mukuganiza kuti ndimayang'ana kudenga?"

Aliyense ananyamula thumba lake, ndipo anatuluka pa geti kulowera kokwerera basi. Matumbawo anali olemera kwa anthu a msinkhu wawo, moti anapumira kawiri asanafike ku msewu. Basi itabwera munali modzaza, ndipo mpando unapezeka umodzi wokha. A Sikelo anakhazika akazi awo, iwo n'kuimirira pambali pawo, atagwira chitsulo cha m'mwamba ndi dzanja lamanzere.